Chikasu cha ku Ojuela

Cleofas wabwera nawo usiku,
atakulunga m'nyuzipepala ya chaka chatha,
fumbi la mumgodi lidakali m'nsidze.
Akuti, "Eufrosina, tayang'ana. Koma usandinamize."

Ndafunyulula patebulo.
Chibuma chadzimbiri, chofiirira ngati chiwindi,
ndipo m'mphako yake
timizati tachikasu tatumphuka pamalo amodzi
ngati zala za dzanja lopempha,
tonyezimira ngati galasi lonyowa.

Diso ndi tambwali, ankatero bambo athu.
Kuno ku Mapimí chikasu n'chambiri.
Adamita nayenso amavala chomwecho,
ndipo wagwetsa anthu m'ngongole
amene anayamba kumwera ndalama asanaione.

Ndiye ndayamba ndi chikhadabo. Chaterera.
Khobidi la kopa latereranso.
Nsonga ya mpeni yokha ndiyo yaluma,
pang'ono, kuseri, pamene wogula sadzaona.
Kachidutswa kamene kanagwa panjira
ndakakhutiza pa mbale yosapaka:
mzere woyera.
Chikasu chonsecho, ufa wake woyera.

M'dzanja kakulemera kuposa msinkhu wake,
kanayi kulemera kwa madzi,
ngati khanda limene lagona tulo.

"Zimitsa magetsi."
Cleofas wazimitsa, ndikumva akupuma.
Ndayatsa nyali yofiirira ija.
Akanakhala adamita wa mgodi uno
akanayaka mobiriwira ngati maso a mphaka.
Uyu wangoti zii.
Mdima basi, ndi galu wa kwa Barraza akuuwa kutali.
Sindinaonepo mlongo wanga
akukondwera ndi mdima chonchi.

Chatsala chimodzi, chimene ndimadana nacho.
Kanyenyeswa pa khala, lawi pamwamba pake,
zenera lotsegula.
Kautsi koyera kadzuka
ndipo fungo la adyo ladzaza khitchini
mmene simunaphikidwe kanthu kuyambira dzulo.
Aseniki.
Bambo anatiphunzitsa fungo limeneli
tisanadziwe kulemba maina athu,
iwo akutsokomola pakati pa mawu.

Zinki, aseniki, madzi pang'ono otsekeredwa mkati.
Ndikuganiza ndi legirandita.
Ndati ndikuganiza, Cleofas, khala pansi.
Paradamita nayenso alipo, ndi ena
amene mpeni wanga sungawasiyanitse.
Mawu otsiriza ali ndi makina a ku yunivesite,
ndipo makinawo sadziwa kuti tili ndi lendi.

Iye wayamba kale kuwerenga pa zala:
malata, mano a Remedios, matayala awiri.
Sakuwerenga makwerero ovunda
amene watsika nawo kukafika kumene mpweya umatha,
kapena mlatho wolendewera uja
umene mphepo imaugwedeza usiku.

Ndakulunganso mu thonje.
Wosalimba uyu, ukangomugwetsa wasanduka mchenga.
Zaka zosawerengeka wakhala mumdima osasweka,
lero ali m'bokosi la nsapato
pamwamba pa firiji.

"Kasambe m'manja," ndamuuza,
"usanagwire buledi."