Munthu wa M'fomu

Amene anapanga chida ichi anaumbiratu munthu wake:
dzina loyamba, dzina lomaliza, imelo,
ndi mawu achinsinsi a zilembo zisanu ndi zitatu.
Ndinamutenga momwemo, ngati jekete la pa kaunjika,
n'kunena kuti alimi a kalabu yathu ku Mkanda avala basi.

Oyamba kuyesa anali Mayi Eneresi.
Ndinati, dzina lomaliza?
Iwo anati, liti?
La bambo anga, la malemu amuna anga,
kapena Nambewe lomwe mumandiitanira pa sikelo?
Za imelo anaseka mpaka kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.
Foni ali nayo, inde,
koma masana imayenda ndi mdzukulu wa kabaza,
ndipo nambala yake ndi ya ku Zambia
poti kudimba kwawo netiweki ya kuno imathera pa mlatho.

A Lufeyo Zulu tili nawo atatu.
Wachiwiri atafika, kompyuta inati
dzinali lili ndi mwini wake kale.
Bamboyo sanayang'ane kompyuta.
Anayang'ana ine.

Kuwongola mtengo m'poyamba, ndikudziwa.
Zinalembedwanso m'malangizo, tsamba lomwe ndinalumpha.
Pofika pano ndalowetsa kale anthu mazana anayi,
ndipo thumba lililonse la soya,
ngongole iliyonse ya mbewu ya mtedza,
zamangidwa pa mwendo wa munthu wa m'fomu uja.
Ukamusuntha, zonse zimakwekwereka naye.

Ndiye Lachisanu ndagona mu ofesi,
pakati pa matumba ndi fungo la mankhwala a anankafumbwe.
Ndakopera zonse pa kafulashi kaye, kawiri,
kena ndakaika m'thumba la siketi.
Kenako ndayamba kumuumbanso.

Polowera isakhale dzina, ikhale nambala ya umembala,
ija ili pa kakhadi kachikasu kamene amasunga m'Baibulo.
Dzina likhale mzere umodzi wautali,
aliyense adzaze mmene amadzitchulira.
Mfunda ukhale ndi malo ake. Mudzi nawo.
Foni imodzi iloledwe kwa anthu asanu, iyambe ndi nambala ya dziko lililonse.
Imelo ndaisiya, koma ndaichotsa mano:
wopanda nayo adutse.

Cha m'ma leveni magetsi anathima
ndili pakati posamutsa matebulo.
Batire inati yatsala ndi mphindi makumi awiri.
Ndinakhala chete, dzanja pa thumba la siketi,
kumvera makoswe akuwerenga soya wathu mumdima.
Mizere inkatsika pa sikirini, umodzi umodzi,
wina n'kuima nthawi yaitali ngati lole pa chipata cha Mwami,
kenako n'kudutsa.

Mazana atatu, makumi asanu ndi anayi, ndi asanu ndi anayi.
Mmodzi wakana kuwoloka.

Ndinamufufuza ndi tochi ya foni m'kaundula wakale wa pepala.
Lufeyo Zulu woyamba, wa kwa Kazyozyo,
amene tinamuika mu Julaye.
Matumba ake asanu ndi awiri akadali m'dzina lake,
mkazi wake sanabwere kudzasaina.
Kompyuta inandifunsa ngati ndimufufute.
Inachenjezanso, mwaulemu wake,
kuti akapita apita ndi matumbawo.

Pali kabokosi kamodzi ka anthu aja kamene sindinakakhudze,
kofunsa ngati munthu akadalowabe kapena ayi.
Ndinangochotsamo kachizindikiro.
Dzina latsala, mudzi watsala, matumba atsala.
Nambala ndamupatsa, ngakhale sadzailemba.

M'mawa Mayi Eneresi anabwera ndi khadi lawo.
Anadina okha, chala chimodzi, pang'onopang'ono.
Pamwamba panatuluka kuti: Takulandirani, Nambewe.
Anawerenga kawiri, osaseka,
n'kundifunsa kuti soya akugula zingati lero.