Kadontho Kofiira pa Mitundu

Khumbizeni anabwera Lachiwiri masana,
nsapato zitamwa fumbi la msewu wa ku Bunda,
nandionetsa foni yong'aluka galasi:
"Mayi Nankhoma, kadontho kofiira aka ndi inuyo."

Ine?
Zaka khumi ndi zinayi ndikupukuta kauntala iyi,
lero ndasanduka kadontho?

Akuti mukatsitsa mtengo mungodina apa,
mafoni alira m'mahositelo monse,
ana a sukulu akhamukira kuno ngati ngumbi pa getsi.
Lachisanu ndinadina.
Ndinadula mazana atatu pa botolo la girini.

Anabweradi.
Ena atatuatatu pa kabaza, ena wapansi,
nkhope zimene sindinazionepo,
maso pa foni, milomo pa botolo,
moni wake wongogwedeza chibwano.
Itangokwana naini mafoni analiranso:
wina kuseri kwa chigayo watsitsa kuposa ine.
Onse dzambatu!
Anandisiyira zitsekerero mbwee pansi
ndi mtsikana mmodzi akusanza kumpanda,
anzake atalondola kadontho kena.
Sekanawo, wa chaka choyamba.
Ndinamufunditsa chitenje changa, ndinamugoneka pa makireti.
Foni yake inachezera kunjenjemera m'thumba
kumuuza kumene mowa watchipa.

Mwanawe, kanthu kako n'kochenjera, sindikukana.
Mwina ku Bwandilo kangayende,
kumene anthu amafika ndi makiyi a galimoto pa chala.
Koma kuno sabata ya ulemerero ndi imodzi,
ija ndalama zikangogwa m'mafoni,
aliyense bwana, aliyense "thirani onse."
Zikatha, ndi soya pisesi ndi madzi a pampopi
mpaka mwezi utatopa.
Pamenepo safunsa kuti watchipa kuti.
Amafunsa kuti akundidziwa ndani.

Pansi pa kauntala pali kope lachikuto chakuda,
m'mphepete modyedwa ndi mphemvu.
Tadeyo, mabotolo asanu ndi awiri, akuti malume atumiza.
Mwatitha anasiya kalikuleta ngati pinyolo,
ndinamutumizira usiku wa mayeso, ngongole isanathe.
Wina tsopano amavala tayi ku Kapito Hilu,
tsamba lake sindinang'ambe, ndimangoliyang'ana.
Kopeli limadziwa amene bambo ake aikidwa sabata yatha,
limadziwa amene ndimamumana botolo lachinayi
chifukwa mawa eyiti koloko ali ndi pepala.

Foni yakoyo inayamba yamana munthu?

Ndipo sukulu ikatsekera,
njinga za kabaza zikagona pamthunzi wa mthethe,
firiji ikamalira yokha ngati mwana wamasiye,
timadontho tako tidzaphethira kwa yani?
Kwa alimi a fodya obwera ndi mafoni a mabatani?

Anaseka, nati ine ndine wakale.
Ndinati eya, ndi kopeli lomwe.

Dzulo, mvula ikuwaza, anatulukiranso,
kolala yoimika, manja m'matumba.
Bandulo yatha. Kanthu kaja sikakutseguka.
Anakhala pampando wothyoka mwendo uja,
nayang'ana mabotolo nthawi yaitali,
nayang'ana denga, nakhosomola.

"Mayi, kamodzi kokha. Ndikonza pa twente-faifi."

Sindinayankhe.
Ndinatsegula botolo, ndinanyambita chala,
ndinayamba kufunafuna tsamba lake,
lija la chaka chatha,
lothimbirira ndi mafuta a tchipisi.