Chilembo cha pa Chitupa

Lolemba ndimakwera makombi awiri.
Yoyamba imandinyamula ku Dzivarasekwa kudakali mbuu,
yachiwiri ndimaidikirira pa Copacabana
pomwe anyamata oitanira amakukoka chikwama
ngati anakulira nawe nyumba imodzi.
Pofika ku Mount Pleasant
nsapato zamwa fumbi la mzinda wonse.

Eyiti koloko ndi ya ndale.
A Gwenhure amalowa choko chili m'thumba la jekete
n'kulemba pabolodi funso limodzi lokha:
Nzika ndani?
Anzanga manja m'mwamba.
Akutchula ndime za malamulo, zaka,
maina a azungu amene anafa kalekale.
Ine maso ali pawindo
pomwe jakaranda wayamba kuwaza maluwa pa magalimoto a aphunzitsi,
kutikumbutsa kuti mayeso ali pakhomo,
ndipo ndikuona chitupa cha bambo anga,
chachitsulo, chopindika pakona,
chokhala ndi chilembo chimodzi chonena kuti mlendo.

Mlendo wobadwira ku Mbare.
Mlendo amene Dedza sanamuonepo
koma amamuloza ndi chibwano
ngati ali kuseri kwa shopu ya a Marimo.

Masana ndi za maganizo a munthu.
Mayi Nyakudya anatiuza za galu
amene anazunzika nthawi yaitali ali pachingwe,
moti tsiku lomwe anamumasula sanathawe,
anangogona pomwepo, mutu pamiyendo.
Khalidweli lili ndi dzina lake m'buku.
Ndinalilemba, n'kulitsekera mzere kunsi,
kenako ndinafufuta mzerewo
mpaka pepala linabooka.

Katatu konse bambo anapita kukaima pamzere ku Makombe,
kudzuka folo koloko, tiyi m'botolo la mazowe.
Ulendo womaliza anawauza kuti abwere ndi kalata
ya kubadwa kwa bambo awo,
munthu amene anabwera wapansi kudzathyola fodya
opanda ngakhale nsapato.
Anabwerako osalankhula,
anavundukula makina
n'kusoka mayunifolomu khumi ndi awiri usiku umenewo.

Ndimawauza: Ababa, malamulo anasintha.
Amati: Ndamva. Tandigwirira apa.
Ndipo ndimagwira mpendero wa siketi ya mwana wa eni.

Sabata yatha anatipatsa ntchito yofunsa anthu.
Ndinakhala pakhonde, pepala pabondo,
magetsi atathima kuyambira m'mawa,
iwo akupalasa makina ndi phazi limodzi.
Funso lachisanu ndi chiwiri:
Kodi mumadzimva kuti ndinu wakuno?
Sankhani pakati pa wani ndi faifi.
Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi,
n'kuwabaya pakolala.
Amako agona ku Mbudzi, anatero.
Manda awo ali ndi nambala.
Lemba imeneyo.

Kabokosiko n'kakang'ono.
Sikakwana nambala ya manda.
Ndinakasiya kopanda kanthu,
ndipo ndikudziwa kuti pamenepo andichotsera malikisi.

Usiku ndimawerenga ndi kuwala kwa foni,
buku la ndale kumanzere, la maganizo kumanja.
Lina likundiuza mmene boma limawerengera anthu,
linalo mmene munthu amasiyira kudziwerengera,
koma palibe limene likunena
chifukwa chake bambo amaimba akamadula nsalu,
nyimbo ya Chichewa chosakanikirana ndi Chishona
imene ku Dedza angaiseke
ndipo kuno sangaimve.

Dzulo ndikutuluka anandiitana: Nachisale, taima.
Ndinati kombi indisiya.
Anati ikusiye.
Anatenga tepi pakhosi
n'kundiyeza mapewa, chiuno, kutsika mpaka m'mawondo,
akulemba manambala kuseri kwa kalendala.
Ndinati kwatsala zaka ziwiri, ababa,
ndipo mkanjo wake timabwereka kusukulu konko.
Anati ya mkati mwakemo ndi yanga.
Imirira bwino, usapindike.