Fomu ya Galanti

Anabwera akuikankha, osati ataikwera,
kuchokera ku Tambak Lorok mpaka kuno ku galaja,
Ngatini, chisoti chili lendee pa chigongono,
thukuta litajambula mapu kumsana kwa jekete.
Njinga yamoto ya masabata asanu okha.
Pulasitiki ya kufakitale idakali pa mpando:
akuti adzaichotsa tsiku lomaliza ngongole.

Ndinatsegula chivindikiro.
Fungo linandilonjera maso asanaone kanthu,
asidi atayenderera m'mbali mwa batire,
atabudula mawaya ngati khoswe wa m'sitolo,
ufa wobiriwira utaundana pa mabawuti.
Injini inatsokomola kawiri n'kukhala duu,
ngati munthu woiwala zomwe amati anene.

A Hartoyo, bwana wathu, sanunkhiza batire.
Iwo amawerenga adiresi pa lisiti basi.
"Tambak Lorok? Kuja nyanja imalowa m'nyumba
osagogoda n'komwe?
Darmaji, lemba kuti ndi madzi amchere.
Galanti salipira milandu ya nyanja."

Komatu ine matope ndimawadziwa.
Zaka khumi ndi zinayi ndikupukuta njinga za mu Semarang.
Madzi osefukira sanama, amasiya mzere,
amasiya mchenga mu sefa, dzimbiri pa tcheni.
Sefa iyi inali mbee.

Mayiyo sanakweze mawu.
Anangoti, "Madzi akayamba kukwera usiku
ine ndi mwana wanga timainyamula,
timaikhazika pa njerwa, pamwamba pa thabwa.
Amene amanyowa ndi matiresi."
Kenako anayang'ana dengu lake la nsomba zowamba
zomwe msika wa m'mawa unali utazipitirira kale.

Pansi pa benchi langa pali kabati yosatsekeka bwino.
Muli mabatire asanu ndi awiri,
onse ong'aluka pa msoko umodzi womwewo,
kumanzere, chala chimodzi kuchokera pakamwa.
Mwini wa limodzi amakhala ku Ungaran, kuphiri,
kumene nyanja amangoionera pa foni.
Nayenso ndinamulembera kanthu kena.
Mvula, ndikukhulupirira. Kapena kutsuka mosasamala.
Dzanja likazolowera silifunsanso mutu.

Bokosi la pa fomu ndi laling'ono,
mwina mawu asanu ndi limodzi, ukalemba mopanikiza.
Ndinaganiza za fizi ya Wulan,
za lendi, za ine mwini amene ndilibe galanti
ngakhale ya mwezi umodzi pa ntchito ino.
Cholembera chinakana kutulutsa inki.
Ndinachikhwekhwereza pa katoni mpaka chinavomera,
ndipo mwina chikanakana kachiwiri
ndikanati ndi chizindikiro.

Ndinalemba: Msoko wa batire unang'aluka kufakitale.
Ndinasaina. Chala changa chinasiya oyilo pakona,
chidindo chokhacho chomwe ndili nacho.

A Hartoyo anawerenga ataimirira.
Sanakalipe. Bola akanakalipa.
Anapinda fomuyo pakati, mosamala ngati kalata ya ukwati,
n'kuiika pansi pa kapu yawo ya khofi.
"Mayi, mudzabwere Lachinayi.
Akulikulu ku Jakarta ayambe aona."
Kwa ine anangoti, "Uzimitse magetsi ukamatuluka."

Ngatini anakwera minibasi, dengu pa miyendo,
chisoti chili m'mutu, poti analibe poika.

Lero ndi Lachitatu.
Njinga ija yaima pakona pafupi ndi kompuresa,
ndaiphimba ndi nsalu kuti fumbi lisaizolowere.
M'mawa uno povala ovolosi
ndapeza timabowo titatu pa bondo
pomwe asidi anandidonthera osamva.
Amatero asidi, amadya mwakachetechete,
umadzazindikira mphepo ikayamba kulowa.

Kabati ija ndaitsegula.
Mabatire onse ndawandandalika pa benchi,
misoko yawo kuyang'ana kukhomo,
kuti aliyense wolowa mawa
ayambe wapereka moni kwa iwowo.