Manja Anga Ali Pabwalo

Alendo akatsika basi ku Carrara
amaloza mapiri nati, taonani chipale chofewa!
Ife timangoseka.
Ndi mabala amenewo, oyera mbee,
momwe makolo athu anadulamo mwala wa mabo
mpaka phiri linatsala ngati dzino lobooka.

Ersilia anabadwira m'fumbi lomwelo.
Bambo ake ankasema angelo a kumanda,
mapiko awiri pa sabata, misozi n'kukhala basela.
Iye angelo sankawafuna.
Ankati, wa mapiko ndinamuonapo kuti?
Ndipatseni munthu wa chithupsa pakhosi,
wa bondo lotupa, amene nsapato ikumuthina.

Chaka chimene chingwe chinaduka kumgodi
mwala n'kumugonera Duilio wake,
sanalire pamaso pathu.
Anagula mwala wa phiri lomwelo, pangongole,
nauimika m'shedi kuseri kwa nyumba,
natseka chitseko.

Kho. Kho. Kho-kho.
Miyezi isanu tinkagona ndi nyundo yake
n'kudzuka nayo.

Tsiku lina mbandakucha anatulukira pa uvuni wanga,
iye mbuu ndi fumbi la mwala,
ine mbuu ndi ufa wa tirigu,
mizukwa iwiri yokumana pakhomo.
Anati, Tarcisio, ndaiwala manja ake.
Nkhope ndili nayo, msana ndili nawo,
koma manja amene anandigwira zaka zonsezi
andithawa.
Ndibwereke akowo.

Masabata atatu ndinakhala pampando wake,
manja pamaondo, chala osagwedeza.
Ankawayeza ndi kampasi yachitsulo yozizira,
nawaumba m'dongo, naphwanya, naumbanso.
Njala ikamupweteka ankadula tchizi
ndi mpeni womwewo wosalazira dongo.
Kamodzi kokha anandikalipira:
usawakongoletse iwe,
asiye agone momwe amagonera ukaweruka.

Ndinamva pambuyo pake
kuti makutu anabwereka kwa wokonza njinga,
mapazi kwa mlamu wa wansembe.
Chipsera cha pachibwano chokha
ndicho chinali cha Duilio mwiniwake.

Atachivundukula chiboliboli pabwalo
meya anayankhula mpaka khosi kuuma.
Amayi ake a Duilio sanamvereko.
Anasendera ndi ndodo yawo,
nagwira chala chachikulu cha mwalawo,
nati, si mwana wanga uyu,
koma watopa ngati iye.
Ersilia anangogwedeza mutu
napita kukanola matchizulo.

Anasemanso ena ambiri,
mwana wokana kusamba,
nkhalamba yowerenga ndalama za penshoni kachiwiri,
mayi wapakati atagwira chiuno.
Ena anakwera lole ya ku Genova, ena sitima ya pamadzi,
palibe anabwerako kudzamuona.
Ndalama zake zinkathera pa mwala wina.
Fumbi lija nalo linkamanga nyumba yake m'chifuwa mwake,
pang'onopang'ono, osalipira lendi.

Chaka chomaliza nyundo inamulemera.
Ankangokhula ndi tupa,
kenako ndi chala chokha.
Anatisiyira mutu wa mtsikana,
diso limodzi lotseguka,
linalo likadali mtulo m'mwala.

Lero zaka makumi asanu ndi atatu zandikwana.
Manja anga ali njenjenje,
khofi amathera pamalaya,
mabatani amandimangira ndi mdzukulu.
Koma madzulo ndimakwawira pabwalo paja
kukawazonda enawo.
Ali pomwepo, pamaondo a munthu wina,
mitsempha ili gwa,
chikhadabo chimene ndinapsa nacho pa uvuni
chikadali chokhota.
Nkhunda zimaterapo.
Ana amaikamo makoko a malalanje.

M'chilimwe mwalawo umasunga dzuwa mpaka usiku.
Ndimayang'ana uku ndi uku, kuopa kusekedwa,
kenako ndimadzipatsa moni.
Ofunda amakhala iwowo,
ozizira angawa.