Buku Lopanda Mutu Womaliza

Chichitikireni chivomezi chija
ndimagona nsapato zili kuphazi,
makiyi m'thumba, tochi pansi pa pilo,
chitseko chili chotsekula pang'ono
ngati pakamwa pa munthu wofuna kukuwa.
Zaka zitatu tsopano, ine Herminia,
wosoka makatani pa phiri la Cordillera,
m'Valparaíso muno, momwe nyumba zimagwirana m'chiuno
kuti zisatsetserekere m'nyanja.

Bukulo ndinalipeza pa kaunjika, Lamlungu masana,
pakati pa mbale zong'aluka ndi wailesi yakufa.
Mtengo wake, wa buledi muwiri.
Pachikuto pali bambo wa mano oyera mbee,
akumwetulira ngati sanaonepo denga likugwa.
Ndinamuda pomwepo. Ndinalipira.

Mutu woyamba ukuti mantha ndi mlendo, usamupatse mpando.
Ha! Wangayu anabwera ndi katundu yense,
amadziwa ndi pomwe ndimabisa shuga.

Koma wina analiwerenga ine ndisanaligule.
M'mphepete mwa masamba muli zilembo za pensulo,
zopendekeka ngati nyumba za kwathu kuno.
Tsamba 14: "Ndayesa. Zakanika."
Tsamba 31: "Ambuye, mawa kuchipatala, 8 koloko."
Tsamba 32: "anyezi, makandulo, mankhwala a Eladio."
Tsamba 58, pomwe wolemba akuti imirira nji,
pensulo ikuti: "Ndaimirira. Maondo akunjenjemera.
Kodi zikuwerengedwa?"

Wa mano oyera uja ndinamusiya alankhule yekha,
ine n'kutsata mapazi a pensuloyo.
Dzina lake sindilidziwa.
Ndingodziwa kuti ankamwa khofi,
poti kapu inasiya mkombero pa tsamba 70,
ndi kuti ankapemphera mmene ine ndimasokera:
kusoka, kumasula, kusokanso.

Mutu womaliza, wonena za cholinga cha moyo, mulibe.
Unathotholedwa. Patsala timano ta pepala.
Kaya anakulungira nsomba, kaya anaikidwa nawo m'manda.
Ndinakwiya sabata yathunthu, ndinauza ndi Mulungu yemwe:
mwandigulitsa mapu opanda kofikira.

Ndiye Lachinayi lina m'bandakucha
makapu anayamba kulira m'kabati.
Agalu a phiri lonse. Babu likuvina kudenga.
Ine ndi nsapato zanga tinali kale pamsewu,
si zaka zitatu ndikukonzekera mphindi yomweyi?
Ndi pamene ndinamva ndodo ikugogoda khoma, go, go, go:
a Nibaldo a m'chipinda cham'mwamba, osaona aja,
amene moni wathu sunapitirirepo mawu awiri.

Sindinamve liwu lochokera kumwamba.
Mtima sunalimbe ngakhale pang'ono.
Ndinangobwerera m'nyumba ikugwedezeka choncho,
mano akugundana, pena kutukwana, pena kupemphera,
n'kuwagwira mkono.
Masitepe makumi anayi ndi awiri,
iwo akuwerenga mokweza, poti mdima ndi kwawo,
ine ndi tochi yomwe ndinaiwala kuyatsa.
Mpaka lero sindidziwa anatsogolera mnzake ndani.

Kanali kachivomezi kakang'ono, wailesi inatero.
Inasweka ndi kapu imodzi yokha.

Madzulo ake ndinasongola pensulo yanga yojambulira nsalu.
Pa tsamba 58, pansi pa funso lija, ndinalemba:
"Inde, m'bale wanga. Zikuwerengedwa."
Ndipo mkati mwa chikuto chakumbuyo,
pomwe mutu wothotholedwa uja ukanathera:
"Lachiwiri, kuwawerengera a Nibaldo makalata awo.
Ulusi wobiriwira. Buledi muwiri."

Mlendo uja sanasamuke ayi,
akadali pampando wake, akumwa tiyi wanga.
Kungoti masiku ano ndikamatuluka
sindimupemphanso chilolezo.

Bukuli ndidzalibweza pa kaunjika tsiku lina,
wina adzalipeze pakati pa mbale,
adzatipeze tonse awiri m'mphepete mwa masamba.

Usiku uno ndavula nsapato imodzi.
Inayi, Ambuye, tikambirana mawa.