Mfundo Yachisanu ndi Chiwiri

Msonkhano anauitanira naini koloko.
Wayamba dzuwa litapitirira kale nsonga za migwalangwa,
poti a khansala a kutsidya amadikira bwato
ndipo bwato limadikira kuti lidzaze.

Ine ndine mlembi.
Malo anga ndi kumapeto kwa tebulo, pansi pa fani
yomwe inaleka kuzungulira wapampando wakale asanachoke.
Pano mavu amangapo nyumba.
M'chipinda muno ndi okhawo amene amamaliza zomwe ayamba.

Pemphero. Opepesa awiri: wina malungo, wina maliro.
Ndawerenga zomwe tinagwirizana mwezi watha.
A Bizeki akuti dzina lawo ndinalilemba ndi s.
Ndakonza. Onse avomereza.

Mfundo yachitatu: mbuzi.
Zikulowa mumsika, zikudya tomato wa eni,
ina inatafuna buku lonse la matikiti a msonkho.
Mwini wake azilipira zingati?
Zikwi ziwiri, akutero a mbali ino.
Zisanu, akutero a mbali iyo, akumenya tebulo.
Ola lathunthu tili pa mbuzi
mpaka wina wakumbutsa, mwaulemu wonse,
kuti yotafuna matikiti ija ndi ya apongozi a wapampando.
Nkhaniyi yapita ku komiti.

Yachinayi: akabaza azivala manambala kumsana.
Yachisanu: chimbudzi cha padepoti chadzaza.
Yachisanu ndi chimodzi: alawansi ya lero.
Iyi yadutsa ngati Shire wa mu Febuluwale.

Kutentha kwa Nsanje sikupempha chilolezo kwa wapampando.
Malaya amata kumsana,
zakumwa za m'mabotolo zafunda ngati tiyi.

Mfundo yachisanu ndi chiwiri
ndimaidziwa ngati dzina la mwana wanga:
kalavati ya pakhwawa, panjira yopita kuchipatala.
Madzi anaikokolola zaka zinayi zapitazo,
chaka chomwe anasiya mzere uwo pakhoma,
wofiirira, wolekeza m'chiuno,
umene laimu walephera kuubisa kawiri konse.
Ndailemba m'mabuku atatu.
Loyamba linadyedwa ndi chiswe,
koma nkhaniyo inapulumuka, inasamukira m'lachiwiri.

A injiniya akuti ndalama sizinabwere kuchokera kumtunda.
Kuno zonse zimachokera kumtunda:
ndalama, makalata, alendo a magalimoto oyera,
madzi.
Mwa zonsezi osunga nthawi ndi madzi okha.

Pawindo paima mayi Faera,
dengu la milamba yowamba lili pamutu.
Alibe mpando muno, malamulo sawalola kuyankhula.
Januwale wa chaka chatha anawoloka khwawa lija usiku,
madzi ali m'chifuwa,
mwana wawo wamkazi ali pamachira, nthawi yake itakwana.
Anapita kukalandira mdzukulu.
Anabwerako ndi chitenje chopinda.

Sanena kanthu.
Amangofika mwezi uliwonse pa mfundo yomweyi,
kaya amaidziwa bwanji nthawi yake.
Fungo la utsi ndi nsomba lalowa,
aliyense maso ali papepala lake.

"Tiyambe taisiya, tidikire ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa."
Wina wapereka ganizo, wina wathirira ndemanga,
manja akwera,
ena atagwirabe mapepala omwe amadzikupizira.

Ndalemba: Nkhaniyi idzakambidwanso.
Mawu awiri.
Cholembera chinawazolowera, chimayenda chokha.
Za mayi wa pawindo, bukuli lilibe mzere wake.

Zina ndi zina: makiyi a holo asowanso.
Pemphero lotsekera, lalifupi.
Tasaina, talandira maenvulopu.

Panja ndagula milamba iwiri kwa mayi Faera
osanenerera mtengo.
Andibwezera chenji chonse, mpaka kandalama komaliza,
akuwerengera m'dzanja langa,
kenaka afunsa, "Mwalemba?"
Ndati ndalemba.

Chakumtunda uko, pamwamba pa mapiri,
mitambo yayamba kusonkhana.
Iyo sidikira kuti chiwerengero chikwane.